Kalata yotseguka kwa onse amene muli ndi gawo pa mtsinje wa Mulunguzi

Kwa a Meya ndi makhansala a mzinda wa Zomba, a Bwanamkubwa a boma la Zomba, akuluakulu a Nthambi ya Zankhalango, a Southern Region Water Board, a National Herbarium and Botanic Gardens, ndi a nthambi yoona zokopa alendo.

Mabwana ndi madona,

Ndatchula maudindo ambiri chonchi chifukwa ndasowa khomo limodzi loti ndigogodepo. Nkhani yanga ndi ya mtsinje umodzi wokha, waung'ono, woti mnyamata wa miyendo yolimba atalawirira akhoza kuutsata kuyambira pamene watumphukira mpaka pamene wathera. Koma mtsinje umenewu ukamatsika umasintha eni ake ngati ndalama ya pamsika. Pamwamba pa phiri ndi wa a zankhalango. Ukalowa m'damu ndi wa a madzi. Ukafika m'munda wa mitengo ndi maluwa ndi wa a Botanic. Ukatuluka m'menemo ndi wa khonsolo, ndipo kumunsi uko ukukathira mu Likangala ndi wa aliyense amene ali ndi khasu, fosholo kapena thumba la zinyalala. Ndalembera nonse pamodzi kuti pasapezeke wonena kuti kalatayi inali ya mnzake.

Ine ndine mphunzitsi wopuma. Ndinaphunzitsa jogalafe kwa zaka zambiri kuno ku Zomba, ndipo ndiyambe ndi kuulula mlandu wanga. Ana amene anadutsa m'manja mwanga ankatha kujambula mtsinje wa Nile kuchokera ku nyanja ya Victoria mpaka ku Egypt osalakwitsa, koma ndikawafunsa kumene madzi a pampopi wa pasukulu achokera, ankayankha kuti ku Water Board. Phiri likuoneka pawindo la kalasi, mtsinje ukumveka phokoso nthawi ya dzinja, koma sindinawatengepo kukauona. Ndinkati silabasi ndi yaitali. Lero ndakalamba ndi pamene ndayamba kuuyenda mtsinjewu, ndipo zimene ndaona n'zimene zandigwiritsa cholembera.

Tiyeni tiutsate kaye, chifukwa ndikukayika ngati tonse tikuudziwa wathunthu. Pamwamba pa phiri la Zomba pali ngati mbale. M'mphepete mwa mbaleyo muli nsonga monga Malumbe, yomwe imapitirira mamita 2,000, Nawimbe ndi Chagwa, ndipo pakati pake ndi polowa. Mvula yogwa m'mbalemo, kuphatikizapo mawawa ndi nkhungu ya chiperoni ya mu June ndi July, sithamangira kuchigwa nthawi imodzi. Imayamba yalowa m'dambo ndi m'dothi lakuda la pansi pa mitengo ndi udzu. Dambo limenelo ndi chinkhupule: limamwa madzi dzinja lonse, kenako n'kumawafinya pang'onopang'ono mpaka dzuwa la October. N'chifukwa chake Mulunguzi umayendabe pamene timitsinje tambiri ta kuchigwa tasanduka mchenga. Munthu wodutsa pa dambopo sangaone chokopa, ndi udzu ndi matope basi. Koma tiyi amene mumamwa m'maofesi mwanu amayambira pamenepo.

Kuchoka apo mtsinje umalowa m'nkhalango yachilengedwe ya m'mphepete mwake, muja mozizira ngakhale masana, momwe ndere zakuta miyala ndi makungwa a mitengo. Umagwa pa mathithi a Williams, pomwe madzi amatsika miyala ngati masitepe. Umadutsa pa maiwe amene anakumbidwa kuti aziweteramo nsomba za trout, n'kugwanso pa mathithi a Mandala, kenako n'kulowa m'damu lalikulu la Mulunguzi limene linamalizidwa cha m'ma 2000. Ameneyo ndiye nkhokwe ya madzi a mzinda wonse, ndipo mwayi wathu ndi wakuti nkhokweyo ili pamwamba, ife tili pansi, choncho madzi amatsika okha. Mizinda ina imalipira magetsi ochuluka kukankhira madzi kumtunda. Blantyre amawakoka kuchokera ku Shire, ku Walker's Ferry. Ife Mulungu anatipachikira mtsuko pamutu.

Kuyambira pa khoma la damu, Mulunguzi ndi mwana wa nyanja yomangidwa ndi anthu. Umayenda ndi madzi okhawo amene damu laulola, kuwonjezerapo a timifuleni ta m'njira. Umagubuduka phompho, n'kulowa mumzinda cha kumtunda kwa nyumba zakale za boma, kudutsa m'munda wa Botanic, n'kumapita kukakumana ndi Likangala, amene amathera m'nyanja ya Chilwa. Ndiye pempho langa loyamba, lomwe ndi la a madzi, n'lakuti ngakhale chaka chitauma bwanji, muziusiyirako mtsinje gawo lake. Tonse taonapo zaka zimene madzi a m'damu anatsika mpaka dothi lofiira kuoneka m'mphepete, ndipo ndikudziwa kuti nthawi yotero mtima umathamangira ku mipopi. Koma kumunsi kuli nkhanu, kuli mitengo ya m'munda uja, kuli amayi a madimba.

Tsopano za kusangalala. Mtsinjewu unayamba kale kuchereza anthu. John Buchanan analima khofi ndi nzimbe kuno m'zaka za m'ma 1880. Zomba atakhala likulu la boma la atsamunda mu 1891, Alexander Whyte, uja dzina lake lili pa dzina la sayansi la mkungudza wa ku Mulanje, anayamba munda woyeserera mbewu m'mbali mwa Mulunguzi, womwe ndi chiyambi cha Botanic wa lero. Azungu anabweretsa trout chifukwa nsomba imeneyi imafuna madzi ozizira othamanga, ndipo pamwamba pa phiri anawapeza. Anamanga tinyumba topumuliramo, analambula njira zoyendamo. Mayi a Mfumukazi ya ku Britain anakwera phirili mu 1957, Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, ndipo malo amene anaima poyang'ana chigwa akudziwikabe kuti Queen's View ndi Emperor's View. Zonsezi ndi mbiri, sindikuti tiifufute. Koma taonani maina: Williams, Queen's, Emperor's, ngakhale njira imene anthu athu ankatsitsira mbatatesi pamutu ikutchedwa Potato Path. Kodi mathithi amenewa analibe maina asanabwere Williams? Agogo a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri akutha mmodzimmodzi, ndipo akupita nawo mainawo. Yunivesite ili pomwepa ku Chirunga, nyumba yosunga zolembedwa zakale za dziko lino ili mumzinda momwe muno. Kutuma ophunzira angapo ndi foni yojambulira mawu sikungagwetse bajeti ya aliyense.

Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma chizolowezi chakuti pamwamba pa phiri ndi pa alendo chinatsala. N'zoona kuti zinthu zasinthako. Loweruka m'munda wa Botanic mumadzaza akwati ndi aperekezi awo akujambulitsa pa timilatho. Makwaya amajambula makanema a nyimbo ataima pa miyala ya mumtsinje, mayunifolomu ali mbee. Ophunzira amawerengera mayeso pamthunzi. Ma Rasta amakwera kukakumbukira mfumu yawo, a mapemphero amakagona kuphiri, ndipo alendo a zoonera patali amabwera kuchokera kutsidya kwa nyanja kudzasaka kambalame kotchedwa white-winged apalis, kamene kamapezeka m'malo owerengeka. Koma funsani ana a ku Chinamwali, ku Chikanda, ku Sadzi kapena ku Mpondabwino kuti ndi angati anafikapo pa mathithi a Williams. Mudzachita manyazi ngati mmene ndinachitira ine.

Mwezi wa August chaka chatha ndinatenga zidzukulu zanga zitatu, tinakwera wapansi. Tinapuma kambirimbiri, makamaka chifukwa cha ine. Titafika pa mathithi, wamng'ono anavula nsapato n'kuviika phazi m'madzi, anakuwa ngati walumidwa. Sanadziwe kuti madzi a mumtsinje angazizire ngati a mufiriji. Kenako anandifunsa kuti, "Agogo, kuno ndi ku Malawi komwe?" Mwana wobadwira ku Zomba, amene phirili amaliona tsiku lililonse akamatsuka mkamwa. Potsika tinakumana ndi mayi wina atasenza mtolo wa nkhuni wautali kuposa msinkhu wake, thukuta lili chuchuchu. Tinacheza pang'ono pamene anatula kuti apume. Anati amakwera phirili kangapo pa sabata kuyambira ali mtsikana, koma sanakhalepo pansi pa mathithi aja. "Kumeneko n'kwa alendo, abambo," anatero. Palibe amene anamuletsa. Anangodziwa yekha.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Chaka ndi chaka, kuyambira August mpaka mvula itagwa, timakhala pakhonde usiku kuonerera mizere ya moto ikukwawa paphiri. Ena ndi osaka mbewa ndi tinyama, ena ndi ofuna kuti mitengo iume apeze nkhuni ndi makala, ena ndi okwiya chabe. Motowo umapsereza chinkhupule chija. Dothi likatsala lamaliseche, mvula yoyamba imalikokolola kulowa nalo m'damu, ndipo matope aliwonse olowa m'damu amalanda malo a madzi. Tsono ndikufunseni, mabwana: moto ukabuka pakati pa usiku, ndani amadzuka kukauthibula ndi nthambi? Alonda a nkhalango ndi ochepa, phiri ndi lalikulu. Amene amadzuka ndi munthu amene akuona kuti chikupsacho ndi chake: mnyamata woperekeza alendo, mwana wogulitsa mabulosi ndi magalagadeya m'mbali mwa msewu, wosema ziboliboli, mayi wa dimba. Mayi wa nkhuni uja sangadzuke, ndipo sindingamuimbe mlandu. Mudzalemba malamulo, ndipo alipo kale, la zankhalango la 1997 ndi la madzi la 2013, koma lamulo silikwera phiri usiku.

Choncho ndikupempha njira imodzi yoyenda pansi, yotsata mtsinje kuyambira m'munda wa Botanic mpaka m'mphepete mwa dambo la pamwamba. Zidutswa zake zilipo kale, chasowa ndi kuzilumikiza, kuzilambula ndi kuikamo zikwangwani. Zikwangwanizo zilembedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, Chingerezi chibwere pambuyo. Zisangonena kuti "osataya zinyalala". Zinene kuti madzi awa mawa akhala mu ketulo yanu, zinene dzina la mtengo uwu ndi ntchito yake, zinene kutalika kwa pamene waimapo. Pa malo awiri kapena atatu pakhale chimbudzi ndi dzenje la zinyalala. Tsiku lija pa mathithi tinatola mabotolo a mowa ndi mapepala a chipisi odzaza jumbo, osiyidwa ndi anthu ovala bwino obwera pa galimoto. Umbuli wa mtundu umenewo sudziwa sukulu. Koma munthu amachita manyazi kutaya pamalo posesedwa, ndipo pakakhala wina wolembedwa ntchito yosesa, amakhalanso mlonda.

Za kusambira ndilankhule mosamala, chifukwa ndikudziwa kuti a madzi mwayamba kale kukwinya nkhope. Ndikugwirizana nanu: m'damu musasambe munthu, musachapidwe, musatsukidwe galimoto. Ndi madzi akumwa, komanso ndi akuya ndi ozizira moti ngakhale katswiri minofu ikhoza kumukoka. Koma kuletsa kokha sikuchotsa kutentha kwa October. Mwana akatenthedwa amasamba basi, ndipo mukamutsekera pabwino amakasamba poipa, kumunsi kumene ngalande za mumzinda zathira kale, kapena m'maenje osiyidwa ndi oumba njerwa. Nkhono zofalitsa likodzo zimakonda madzi ofunda, odekha, a zomera zambiri. Madzi ozizira othamanga a Mulunguzi wa kumtunda ndi mphatso imene maboma ambiri alibe. Sankhani dziwe limodzi kapena awiri kumunsi kwa pamene mumatengera madzi akumwa. A zaumoyo ayeze madziwo. Mulembe kuya kwake pamwala. Muphunzitse achinyamata angapo kupulumutsa womira, azikhalapo Loweruka, Lamulungu ndi pa holide. Mvula ikayamba mutseke, pakuti mtsinje wa paphiri umadzaza mwadzidzidzi kuno kusanagwe ndi dontho lomwe. Dziko lathu lili ndi nyanja yaikulu chonchija, koma ana ambiri a kumtunda sadziwa kusambira, ndipo timangozindikira pamaliro a wina amene anapita ku Mangochi ndi anzake a kusukulu.

Za trout sindilimbikira. Ngati maiwe aja angadzuke n'kumakopa a mbedza olipira, zili bwino, ndalama ilowe. Ine mtima wanga suli pamenepo.

Uli pa mitengo. A zankhalango, inu mukudziwa kuposa ine kuti paini ndi mbewu ngati chimanga: amadzalidwa kuti adzadulidwe, ndipo matabwa ake amafunika. Sindikutsutsa zimenezo. Chimene ndikupempha n'chakuti m'mbali zonse ziwiri za Mulunguzi ndi timifuleni take, komanso kuzungulira dambo ndi damu, pakhale lamba wa mitengo yachilengedwe wosakhudzidwa ndi macheka. Mbawa, katope, mkuyu, mweya, mitengo imene mizu yake imadziwana ndi madzi. Paini ndi bulugamu zimamwa kwambiri ndipo zikadulidwa nthawi imodzi phiri limatsala ngati mutu wometedwa mpala. Akatswiri a Forestry Research Institute of Malawi ali mumzinda momwe muno, angatiuze kukula kwa lambayo. Ndipo nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 December, tisamangokwera ndi makamera ndi matisheti atsopano. Mbande imafa mu September, pamene palibe anaipalira kapena kuilambulira mzere wotchinga moto. Ndalama ya tsiku la mwambo itagawidwa pawiri, theka n'kusungira olambula a mu July, tikanaona kusintha. Gawo lililonse la lambayo lipatsidwe kwa sukulu, mpingo, mzikiti kapena mudzi, dzina lawo lilembedwe pamenepo, ndipo owerenga mitengo adzawerenge yopulumuka pakatha zaka 3, osati yodzalidwa tsiku loyamba.

Kumunsi, a khonsolo, nkhani ndi yanu. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anatikumbutsa kuti madzi saiwala khwawa. Nyumba yomangidwa m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, munda wolimidwa mpaka m'madzi, mchenga wokumbidwa pansi pa gombe mpaka mtengo kutsala mizu pamtunda, zonsezi zimaoneka zazing'ono mpaka usiku umene mtsinje wakumbuka njira yake. Ndipo kumbukirani kumene madziwa akupita. Nyanja ya Chilwa ilibe potulukira. Chimene chalowamo chimakhala momwemo, madzi okha ndi amene amauluka ndi dzuwa. Nyanja imeneyi, yomwe inalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse, inaphwa mu 1968, mu 1995, ndipo mu 2018 tinaonanso mabwato atakhala pa dothi long'aluka ku Kachulu. Imadalira mitsinje yochokera kuno kumapiri: Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi inzake. Thewera lotayidwa pa mlatho wa mumzinda limayenda ulendo wake, limadutsa m'minda ya mpunga, ndipo matemba a ku Chilwa amabwerera pa njinga kudzagulitsidwa mumsika wa Zomba. Timadya tokha zimene tataya.

Mudzati ndalama kulibe. Ndamva mawu amenewo moyo wanga wonse wa uphunzitsi, ndipo nthawi zambiri anali oona. Koma zambiri mwa zimene ndatchulazi zikufuna tebulo limodzi kuposa cheke. Khalani pansi nonse kawiri pa chaka, mvula isanayambe ndi itangotha, muitanenso mafumu a m'tsinde mwa phiri, operekeza alendo, ocheka matabwa ndi amayi a nkhuni, osati kudzaomba m'manja koma kudzalankhula. Ikani bolodi pamsika lolembapo mlingo wa madzi a m'damu mwezi uliwonse, kuti aliyense aziona ndi maso ake mgwirizano wa moto wa mu September ndi mpopi wouma wa mu November. Paliponse pamene mlendo amalipira kuti alowe, zidziwike poyera kuti mwapeza zingati ndipo zingati zabwerera ku mtsinje. Ndipo teremu iliyonse pakhale tsiku limene ana a sukulu za boma za mu Zomba alowa ulere, atsogoleredwa ndi anyamata operekeza alendo aja, amene inu muwalipire kangachepe. Mwana wa Sitandade 6 aliyense aviikepo phazi m'madzi aja kamodzi asanamalize pulayimale.

Kandimverere anakanena za m'maluwa, choncho musatume kalaliki kuti adzakulembereni lipoti. Bwerani nokha. Ine mawu a Chichewa a pa zikwangwani ndikhoza kulemba popanda malipiro, ndipo mnzanga wina amene tinapumira limodzi walonjeza za Chiyao. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndimakhala pa kamlatho ka m'munda wa Botanic nthawi ya 7 koloko m'mawa, ndi ndodo ndi botolo la madzi, ndisanayambe kukwera. Ndimayenda pang'onopang'ono, simudzatsalira. Nsapato za ku ofesi musiye kunyumba, miyala ya pa Mandala ndi yoterera.

Ine wanu,

Mphunzitsi wopuma,
Matawale, Zomba